Matenda Oopa Mpunga

Apongozi anga aakazi ndiwo anali oyamba kuwapatsa dzina matenda anga, dokotala aliyense asanaliganizire n'komwe. Ankati ndi matenda oopa mpunga, ndipo ankanena zimenezi osaseka, ngati munthu amene wafufuza nkhani mpaka pansi pake.

Ine kwathu n'kumtunda, kumapiri a kuzambwe kwa Ntcheu Boma, kumene timalima chimanga ndi mbatatesi, ndipo m'mwezi wa Juni munthu umasamba mothamanga ngati madziwo waba. Ndinayamba uphunzitsi chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ana atadzaza m'makalasi mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Madesiki anathyoka ndi kuchuluka kwa ana, ndipo kalipentala amene anabwera kudzawakonza anali wa ku Bwanje. Anawakonza pang'onopang'ono kwambiri, makamaka a m'kalasi mwanga. Atamaliza tinakwatirana. Tinkakhala m'nyumba ya pasukulu, koma tchuthi chilichonse cha Khirisimasi tinkatsikira kwawo kuchigwa kukathandiza kuwokera mpunga.

Loyamba kudwala linali diso. Ndinadzuka tsiku lina diso lakumanzere likuona ngati ndikusuzumira m'kajumbo ka shuga, ndipo ndikalitembenuza linkapweteka mkati. Kuchipatala cha pa Boma anandiyeza malungo, sanawapeze, anandipatsa mankhwala odontheza. Bambo anga atamva anabwera ndi botolo lawo. Iwowa unyamata wonse anathera m'migodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi chifuwa, chikhoti chachitali, ndi botolo la mankhwala opaka a fungo lolasa m'mphuno, amene ankati azungu a kumgodi ankapaka anthu ogweredwa ndi miyala. Botololo linkakhala m'sutukesi yachitsulo ndipo silinkatha, chifukwa likachepa ankathiramo palafini. Anandipaka pachipumi ndi kuseri kwa makutu. Ndinalira ndi maso onse awiri, lodwala ndi labwino lomwe. Patapita milungu ingapo diso linayera lokha, ndipo bambo anazungulira mudzi wonse kulengeza kuti mankhwala a ku Joni sakalamba.

Disolo silinabwerere mwakale kwenikweni. Zilembo ndinkaziona, koma chinthu chofiira chinkaoneka ngati nsalu yochapidwa kambirimbiri. Ndinkangoti ndi zazing'ono.

Mwana wathu woyamba ali ndi miyezi yochepa, mwendo wakumanzere unachita dzanzi, ngati ndaukhalira nthawi yaitali pamaliro, koma dzanzilo osachoka. Ndinkachita kuukoka. Ndiye kuno ku Ntcheu munthu akamayenda modzandira palibe amene amayamba waganiza za matenda. Mkulu wina wa mpingo anabwera kunyumba, anakhala pampando, anayamba kufotokoza za kuopsa kwa chakumwa chaukali pakati pa amayi ophunzira, uku akununkhiza mobisa nthawi iliyonse ndikatsegula pakamwa. Chimene anamva ndi palafini wa bambo, moti anachoka atasokonezeka kuposa mmene anabwerera. Pambuyo pake amayi a kumpingo anayamba kubwera Lachinayi lililonse kudzandipempherera. Mwendo utabwerera, amayiwo anati ndi pemphero, bambo anati ndi botolo, ndipo anakangana pakhonde panga mpaka amuna anga anawafulira tiyi n'kuwagwirizanitsa kuti Mulungu anagwiritsa ntchito botolo.

Apanso china chinatsalira. Phazi lakumanzere linasiya kundiuza zonse. Patapata ankavuka panjira ine osadziwa, ndipo Lamulungu lina ndinafika mpaka pampando wa kwaya ndi nsapato imodzi, inayo itatsala pamlatho.

Kumtunda zimenezi zinkabisika. Ku Bwanje n'kumene zinkaonekera poyera. Amene sanafikeko m'mwezi wa Disembala sadziwa kuti dzuwa limatha kukhala pamsana pa munthu ngati mwana wolemera. Tinkalawirira kumunda wa mu sikimu ya mpunga wothirira, ine, amuna anga ndi apongozi, mayi wamfupi wamphamvu amene ankawokera mbande mofulumira ngati akusoka pamakina. M'mamawa ndinkagwira bwino ndithu. Koma dzuwa likangokwera, mwendo uja unkasanduka therere, diso lija n'kuchita nkhungu, ndipo ndinkapezeka ndakhala pansi m'matope, mbande zili m'manja. Amuna anga ankandinyamula kukandikhazika pansi pa mtengo wa mango. Ndikapuma pamthunzi, ndikamwa madzi, pofika madzulo ndinkayenda ngati munthu wabwinobwino. Tikabwerera kumtunda ndinkathamangitsa ngakhale nkhuku.

Apongozi anaziona chaka choyamba, anakhala chete. Anaziona chaka chachiwiri, anatsokomola. Chaka chachitatu anauza mwana wawo, ine ndikumva, kuti iwo aona matenda ambiri m'chigwa muno, koma matenda odziwa kusiyanitsa munda ndi mthunzi anali asanawaonepo. Sankanditchula mtengwa ngati mmene ankatchulira akazi a ana awo ena. Ankanditchula kuti aphunzitsi, ndipo liwulo ankalikoka.

Tsiku lina anaganiza zondiyesa. Anandiuza kuti lero kumunda kulibe, tikupita ku ukwati kutsidya. Ankafuna aone ngati mwendo woopa khasu ungaopenso gule. Ukwatiwo unali masana, pabwalo lopanda mtengo. Ndinavina nyimbo imodzi, yachiwiri ndinagwera pa mayi wina wonyamula mbale ya perekaniperekani. Ndili pansi ndinasangalala mumtima, ndinati lero aona okha kuti si ulesi. Pobwerera, tili panjira, apongozi anati, "Paukwatipo panali mpunga."

Tinkaseka nazo ndi amuna anga, koma ine mumtima ndinkaopa. Nanenso sindinkadziwa chimene chinali kundichitikira, ndipo nthawi zina ndinkadzifunsa ngati apongozi sakunena zoona.

Kudwala kwachitatu sikunafune dzuwa kapena munda. Kunandipeza kumtunda, nyengo yozizira, ndili pabolodi. Choko chinagwa m'manja, ndinachitola, chinagwanso. Pofika kumapeto kwa sabata miyendo yonse iwiri inali italemera ngati matumba a feteleza, ndipo ndikafuna kutaya madzi sindinkatha kudikira. Amuna anga anandikweza pakabaza atandimangirira ndi chitenje kwa woyendetsa kuti ndisagwe. Pa Boma anandiyeza magazi a zonse zimene munthu amaopa, sanapeze kanthu, ndipo anatiuza moona mtima kuti zimenezi zikufunika makina a ku Blantyre.

Funso linali lakuti andiperekeza ndani. Mayi anga anali atamwalira kale, amuna anga anayenera kutsala ndi ana. Apongozi anatulukira m'mawa ndi minibasi, atasenza kathumba ka mpunga ndi kapoto, n'kunena kuti gadiyani ndi iwo. Anati akufuna akamve ndi makutu awo dokotala akunena kuti palibe chimene wapeza.

Ku Blantyre anandilowetsa m'makina ojambula m'mutu ndi msana. Umagona m'chimpopi chopapatiza, phokoso lake ngati wagona m'chigayo. Anandichotsanso timadzi pamsana ndi singano. Zotsatira zitatuluka, dokotala wa mitsempha, mayi wachitsikana wolankhula modekha, anatiitanira m'kachipinda kake. Apongozi anakhala kutsogolo kwa mpando, manja pamawondo, ngati munthu wodikira chigamulo cha mlandu umene akudziwa kuti wawina.

Dokotala anati matendawa dzina lake ndi multiple sclerosis, ndipo kuno kwathu sapezekapezeka. Anafotokoza kuti mitsempha ya m'ubongo ndi mumsana ili ngati mawaya a magetsi okutidwa ndi chikopa, ndipo mwa ine chikopacho chimadyedwa apa ndi apo, ngati mmene makoswe amachitira ndi waya wa kudenga. Pamene padyedwapo uthenga sudutsa bwino. Pakadyedwa pa waya wa diso, diso limachita nkhungu. Pakadyedwa pa waya wa mwendo, mwendo umafooka. Kenako thupi limayesa kumata, munthu n'kupeza bwino.

Apongozi anafunsa za mpunga. Dokotala sanamvetse, ndiye ndinafotokoza ine, mwamanyazi, za munda ndi mthunzi ndi ukwati uja. Anamwetulira pang'ono n'kunena kuti vuto si mpunga koma kutentha. Waya womatidwa umagwira ntchito thupi likakhala lozizira, koma likatentha, kaya ndi dzuwa kaya ndi malungo, uthenga umakanikanso kudutsa, ndipo zizindikiro zakale zimabwerera kwa kanthawi. Kumeneko si kudwala kwatsopano, anatero, thupi likazizira zimatha. Kudwala kwenikweni ndi kuja kobwera ndi chinthu chatsopano n'kukhala masiku kapena milungu, monga diso lija, mwendo uja, ndi izi zandibweretsa kuno.

"Ndiye kuti si ulesi?" anafunsa apongozi.

"Si ulesi, mayi."

"Ngakhale pang'ono?"

Dokotala anati za ulesi wina umene ndingakhale nawo pandekha iye sangaikire umboni, chifukwa makina sauona.

Apongozi anakhala ngati alandidwa katundu. Koma si munthu wogonja msanga. Anati chabwino, nanga ngati nthawi zonse amachira yekha, tavutikiranji kubwera kuno? Apa dokotala anasiya kumwetulira. Anandifunsa ngati diso linabwerera mwakale. Ndinati ayi, ndipo ndinanena za mtundu wofiira. Anafunsa za phazi, ndinanena za nsapato yotsala pamlatho. Anati ndi mmene matendawa amachitira. Munthu amadzuka ndithu, koma nthawi zambiri sadzuka yense. Kudwala kulikonse kumatha kusiya kanthu kochepa, ndipo tinthu timeneti tikaunjikana kwa zaka ndi timene timapundula munthu. Anati n'chifukwa chake madokotala amada nkhawa munthu akamadwala pafupipafupi m'zaka zoyambirira, ngakhale azichira. Ananenanso, mosabisa, kuti mwa anthu ena mphamvu zimapitirira kuchepa pang'onopang'ono ngakhale kudwala kwadzidzidzi kutasiya, ndipo sangalonjeze kuti ine ndidzakhala m'gulu liti.

Ine ndinkayang'ana manja anga. Ndinkaganiza za ana anga, ndi za bolodi.

Apongozi ndiwo anayamba kulankhula. Anati ngati ndi makoswe, bwanji osangowathira mankhwala afe. Dokotala anati vuto lake makoswewo ndi asilikali a m'thupi langa lomwe, amene asokonezeka n'kuyamba kuluma kwawo. Kuwapha onse sikungatheke, koma kuwafatsitsa n'kotheka. Anati pali mankhwala a mitundu iwiri, ndipo tisawasokoneze. Oyamba ndi a m'diripi, a masiku ochepa, othandiza kuti kudwala kumene kwabwera kuthe msanga, koma sateteza za m'tsogolo. Achiwiri ndi akumwa nthawi zonse, ngakhale ukumva bwino, kuti kudwalako kuzibwera patalipatali. Amphamvu kwambiri a mtundu umenewu ali kunja ndipo mtengo wake mphunzitsi sangaufike, koma analipo mapiritsi ena opezeka kuno amene akanatha kuyesa, bola ndizipita kukayezetsa magazi kawirikawiri.

Anandiika diripi tsiku lomwelo. Palibe anandichenjeza mokwanira za zimene mankhwala amenewo amachita ndi pakamwa. Ndinayamba kumva njala ya munthu wochoka kundende, ndipo ndinayamba kulankhula. Ndinalankhula ndi manesi, ndi odwala anzanga, ndi mayi wokolopa. Onse atatopa ndinatembenukira kwa apongozi. Ndinawauza zonse zimene ndinasunga kuyambira tsiku la chinkhoswe. Ndinawauza kuti nsomba zawo amathira mchere wambiri, kuti liwu loti aphunzitsi amalikoka ngati ng'ombe yokana goli, kuti mwana wawo madesiki aja ankawathyola yekha madzulo kuti apeze chokonza m'mawa. Pakati pa nkhani iliyonse ndinkapempha chakudya. Apongozi ankapita kukhitchini ya magadiyani, kuphika, kubwera, kumva mlandu wina, kubwereranso kukaphika. Pa tsiku lomaliza la diripi anakutumula kathumba kaja pamaso pa wodi yonse, kopanda ngakhale njere, n'kuuza mayi wa pabedi loyandikana kuti uyu ndiye wodwala amene ankamuganizira kuti amaopa mpunga.

Mankhwala atachoka m'thupi ndinagwidwa ndi manyazi aakulu. Ndinayamba kupepesa tili m'basi, tikuyandikira Balaka. Anandidula. Anati za mchere ndi bodza, koma za madesiki anazidziwa kale.

Ndinafika kunyumba nkhope itatupa ngati dzungu, chifukwa cha mankhwala omwewo, ndipo anthu ankabwera kudzayamikira kuti chipatala cha ku Blantyre chimanenepetsa. Bambo anga anafuna kudziwa dzina la matenda. Ndinalitchula pang'onopang'ono. Anatchera khutu labwino, ndinabwereza. Anawomba m'manja kamodzi, anayang'ana anthu onse, n'kunena kuti iwo ananeneratu kuti matipate adzabweretsa matenda m'dziko muno. Mpaka tsiku lomwalira ankauza anthu kuti mwana wawo akudwala matipate, ndipo ena ankagwedeza mutu momvetsa. Botolo lija sanalisiye. Tinagwirizana kuti azipaka mwendo wokha, kutali ndi maso.

Miyendo inabwerera pang'onopang'ono, wakumanja wonse, wakumanzere mwina theka. Dzanja linayambanso kugwira choko, koma zilembo zanga zinasintha, zinayamba kutsetsereka ngati zikutsikira kuchigwa. Mapiritsi ndinayamba kumwa. Chovuta chake n'chakuti umawamwa ukumva bwino, ndipo sakupatsa chilichonse choti uloze. Ntchito yawo ndi yakuti chinthu chisachitike, ndiye ungamuonetse bwanji munthu chinthu chimene sichinachitike? Amayi a kumpingo ankati ndisiye, ndachira. Ngakhale ine chaka china mapiritsi atasowa m'mafamase ndinayamba kuganiza kuti mwina n'kuwasiya. Amuna anga sanalole, anakwera basi kukawasaka mpaka ku Lilongwe.

Kuchokera nthawi imeneyo kudwala kwenikweni kwabwerako, koma patalipatali, ndipo kulikonse ndathamangira kuchipatala osadikira botolo kapena Lachinayi. Komabe mwendo wakumanzere wakhala ukuchepa mphamvu mwakachetechete, chaka ndi chaka, popanda tsiku loti ndinganene kuti unayambira apa. Ndodo ndinaikana nthawi yaitali. Amuna anga anandisemera ya mlombwa, yosalala, anaiika kuseri kwa chitseko, ndipo inakhala pamenepo mpaka tsiku limene ndinagwera m'ngalande pamaso pa ana a Sitandade 2, amene anaimirira onse mwaulemu n'kunena kuti pepani madamu, ngati mmene ndinawaphunzitsira. Mawa lake ndinaitenga.

Amene anasinthiratu ndi apongozi. Munthu yemwe ankandizonda kuti andigwire ulesi anasanduka mlonda wanga wolimbana ndi dzuwa. Kumunda anandiletsa. Pa Khirisimasi anayamba kukwera okha kubwera kumtunda, kumene amakhala atafunda bulangete masana, akudandaula kuti anthu a kuno tinalakwa chiyani kuti tizikhala m'firiji. Ku Bwanje ankauza aliyense kuti mtengwa wawo ali ndi matenda osowa, oti ngakhale ku Blantyre madokotala ankaitanizana kudzaona, ndipo ankanena monyadira ngati ndapambana mayeso. Mwa zonse zimene dokotala ananena, iwo anagwira chimodzi n'kuchimanga pansonga ya chitenje: thupi likazizira zimatha.

Mwezi wina wa Okutobala tinatsika limodzi pa Nsipe, ine ndikuchokera koyezetsa magazi, iwo akudikira galimoto ya kwawo. Kunkatentha koopsa. Ndinali nditavala suti yanga yabwino ya buluu. Tikuyenda m'mbali mwa msewu pakati pa ogulitsa tomato ndi kabichi, ndinakumana ndi bambo wina wa ku ofesi ya maphunziro, amene ndinkafuna kumupempha kuti andisinthire kalasi ya pafupi ndi ofesi ya ahedi, yopanda masitepe. Ndinaima padzuwa n'kuyamba kufotokoza mwaulemu. Ndili mkati molankhula mwendo unayamba kunjenjemera, ndinatsamira ndodo. Apongozi anaona. Sanafunse munthu. Analanda ndowa ya mayi wina amene ankawaza madzi pa masamba ake, n'kundikhuthulira yonse kuyambira kumutu.

Msika wonse unaima. Ine ndinali chiimire, madzi akuyenderera m'suti, tsamba la mpiru lili paphewa. Madzi ena anagwera nsapato za bambo uja. Apongozi anabweza ndowa kwa mwini wake, anathokoza, n'kutembenukira kwa bwanayo.

"Pepani bambo, ndi mankhwala. Pitirizani nkhani yanu."

Choseketsa n'chakuti mwendo unalimbadi. Ndinamaliza pempho langa ndikudontha, bamboyo akuyang'ana ine, ndowa, ndi apongozi mosinthanasinthana. Bamboyo anangoti wamva, ndipo aona chochita. Temu yotsatira anandipatsa kalasi ija, pamodzi ndi mpando wautali woti ndizilemba pabolodi nditakhala. Ndimaphunzitsa momwemo mpaka pano. Ana atsopano akabwera amayamba adabwa kuona mphunzitsi wolemba ali pampando, koma pofika sabata yachiwiri amakhala atazolowera, ndipo amakangana za amene akhale kutsogolo.